Diso Lagalasi ndi Chiŵindi Chotupa: Mbiri ya Khansa Yakuda ya M'kati mwa Diso

M'sukulu zophunzitsa udokotala za ku Ulaya mudali chenjezo lina limene aphunzitsi ankalibwereza kwa ophunzira awo chaka ndi chaka. Ankati munthu akafika kuchipatala ali ndi diso limodzi lagalasi, diso lake lenilenilo lili lachikasu, ndiponso mimba itatupa chakumanja pansi pa nthiti, dokotala asataye nthaŵi ndi mafunso ena, koma ayambe wafunsa chimene chidachotsetsa diso lija. Kaŵirikaŵiri wodwalayo ankadabwa nalo funsolo, pakuti diso adamchotsa kalekale, mwina zaka 10 kapena 15 zapitazo, ndipo iye adali ataiŵalako zoti adadwalapo. Komatu chotupa chakuda chimene madokotala adachichotsa pamodzi ndi diso chidali chitatumiza kale mbeu zake kuchiŵindi, ndipo mbeuzo zidangokhala duu, kudikira nyengo yake.

Nthenda imeneyi ndi mtundu wa khansa wotchedwa melanoma. Kuti munthu amvetse kumene imamera, ayenera kudziŵa kuti diso lili ngati mpira wa zikopa zitatu. Chikopa chakunja ndi choyera chija, cholimba, chimene aliyense amachiona. Cham'kati kwenikweni ndi kansalu kopyapyala kotchedwa retina, kamene kamalandira kuŵala ndi kutumiza uthenga wake ku ubongo. Pakati pa ziŵirizi pali chikopa chachitatu, chakuda ndi chodzaza ndi timitsempha ta magazi. Madokotala amachitcha uvea, dzina lochokera ku liu lachilatini lotanthauza mphesa, chifukwa chikasendedwa chimafanana ndi khungu la mphesa yakupsa. Mbali yake yakutsogolo ndi ija imazungulira mboni ya diso, koma mbali yaikulu idabisala kumbuyo, kuseri kwa retina. M'chikopa chimenechi muli maselo opanga utoto wakuda, womwewo umene umapatsa khungu la munthu mtundu wake. Selo limodzi lotere likasokonezeka nkuyamba kuswana mosalekeza, pamabadwa chotupa. Mwa zotupa 10 za mtundu umenewu, pafupifupi 9 zimamera kumbuyoko, kumene mwini diso sangazione ngakhale atadziyang'ana pagalasi tsiku lonse.

Nthendayi njosoŵa. Ku America imagwira anthu pafupifupi 5 mwa anthu 1,000,000 alionse pa chaka, ndipo ambiri mwa iwo ndi achikulire a zaka zoyandikira 60, akhungu loyera ndi maso abuluu kapena obiriŵira. Mwa anthu akuda imapezeka mwa apo ndi apo kwambiri. Tsono omvera a m'maboma a Malaŵi asaisokoneze ndi khansa zina za m'maso zimene zipatala za kuno zimakumana nazo kaŵirikaŵiri. Ina ndi ija imamera ngati kanyama kotuŵa kapena kofiirira pachoyera cha diso, imene idachuluka zedi pamene kachirombo ka HIV kadafala. Ina ndi ya ana aang'ono, yotchedwa retinoblastoma, imene imadziŵika ndi mboni yoyera, yonyezimira ngati diso la mphaka usiku. Ziŵirizi zimaoneka ndi maso, ndipo wozifikitsa msanga kuchipatala amapulumutsa moyo. Melanoma imene anthu akuda amadwala kaŵirikaŵiri ndi ija imamera ngati banga lakuda kuphazi, pansi popondera. Ya m'kati mwa diso ndiyo chakudza chosaimba ng'oma. Poyamba sipweteka. Wina amaona ngati mphezi zing'onozing'ono kumbali kwa diso, wina amaona chithunzi chakuda chikuphimba mbali imodzi ya zinthu, ndipo ambiri samva kalikonse mpaka tsiku limene apita kukayezetsa magalasi oŵerengera.

Kale madokotala ankaidziŵa nthendayi itafika pomaliza, diso litachita khungu, litalimba ngati mwala ndi kupweteka kosagonetsa, kapena chotupa chitabooleza kunja. Mankhwala ake adali amodzi okha, kuchotsa diso. M'chaka cha 1583 Georg Bartisch, sing'anga wa maso wa ku Dresden, adasindikiza buku lalikulu la matenda a maso, ndipo m'menemo adalongosola kachotsedwe ka diso ndi mpeni wopindika ngati supuni. Nthaŵi imeneyo kudalibe mankhwala ogonetsa, choncho wodwala ankamangidwa pampando, anthu amphamvu atamgwira. Bartisch yemweyo ankakhulupirira kuti matenda ena a maso amadza ndi ufiti, ndipo ankaletsa anthu kuvala magalasi. Nzeru ndi umbuli zidali kukhala m'buku limodzi.

Dzina la nthendayi lidadza mochedwa. Dokotala wa ku France, René Laennec, yemwe pambuyo pake adapanga chipangizo chomvetsera m'chifuwa, adalemba m'chaka cha 1806 za zotupa zakuda zimene ankazipeza m'mitembo, nazitcha ndi dzina lochokera ku liu lachigiriki lotanthauza chakuda. Liu lakuti melanoma adaliyambitsa ndi Robert Carswell m'chaka cha 1838. Pakati pa zaka zimenezi madokotala aŵiri a ku Scotland, Allan Burns ndi James Wardrop, adatsata ulendo wonse wa nthendayi mwa mayi wina. Adaona diso lake likuchita khungu, adalichotsa, adapezamo chotupa chakuda, ndipo mayiyo atamwalira adapeza zotupa zinanso m'chiŵindi. Wardrop adasindikiza nkhaniyi m'chaka cha 1809. Chinsinsi cha diso ndi chiŵindi chidaululika pamenepo, ngakhale padalibe wodziŵa chochita nacho.

Chifukwa chake lero nchodziŵika. Khansa zambiri zimayamba kufalikira kudzera m'timisempha ta madzi a m'thupi, nkutupitsa mwanabere kukhwapa kapena m'khosi. M'kati mwa diso mulibe timisempha totere. Njira yokha yotulukira maselo a chotupa ndi magazi, ndipo mwa odwala 10 amene nthenda yawo yafalikira, pafupifupi 9 imawagwira chiŵindi.

Chaka chimene chidasintha zinthu ndi 1851. Hermann von Helmholtz, mphunzitsi wa zaka pafupifupi 30 wa pa yunivesite ya ku Königsberg, adadzifunsa funso limene ngakhale mwana angafunse: kodi mboni ya diso imaoneka yakuda chifukwa ninji, pamene kuŵala kumaloŵamo tsiku lonse? Adapeza kuti kuŵala koloŵa m'diso kumatulukanso potsata njira yomwe kudadzera. Munthu wofuna kusuzumiramo amaika mutu wake panjira yomweyo, motero amatsekereza kuŵala kumene akadaonera. Helmholtz adatenga makatoni, magalasi ndi timagalasi topyapyala, napanga kachipangizo kotembenuzira kuŵala kwa nyali m'diso kuchokera pambali, iye nkumayang'ana kudzera m'timagalasito. Kwa nthaŵi yoyamba munthu adaona retina ya munthu wamoyo, mitsempha yake ili mbee. Chipangizo chimenechi, chimene zidzukulu zake zili m'chipatala chilichonse cha maso lero, chidachititsa kuti dokotala aone chotupa chikadali chaching'ono, diso likuonabe.

Zinthu zinanso zidali zitakonzeka m'zaka zomwezo. M'chaka cha 1841 dokotala wina wa ku Dublin, Ferrall, ndi wina wa ku Lyon, Bonnet, aliyense payekha adalongosola njira yaukhondo yosolola diso m'chikwama chake osaononga minofu yozungulira. Mankhwala ogonetsa adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1846. Ndipo m'chaka cha 1882 Ernst Fuchs, wophunzira ku Vienna, adasindikiza buku losonkhanitsa mbiri za odwala oposa 250. Chiphunzitso cha nthaŵiyo chidakhazikika molimba: chotupa chakuda chikaoneka m'diso, disolo lichoke msanga, ngakhale likhale loona bwino chotani. Madokotala adatsata lamulo limeneli kwa zaka pafupifupi 100, ndipo sadali anthu ouma mtima. Ankati nkwabwino kutaya diso kusiyana ndi kutaya munthu.

Maso ochotsedwawo sankatayidwa onse. Ku Washington asilikali a dziko la America adali ndi nyumba yosungiramo ziŵalo za odwala zofufuzira, ndipo madokotala a maso ankatumizako maso m'mabotolo. M'chaka cha 1931 George Callender, atayang'ana zotupa zambiri pa maikulosikopu, adaona kuti maselo ake sali ofanana. Ena ngoonda, osongoka uku ndi uku, ondondozana mwadongosolo. Ena ngonenepa, obulungira, omwazikana. Odwala a maselo oonda ambiri ankakhala ndi moyo, pamene a maselo onenepa ambiri ankafa. Apa mpamene padayambira luso lolosera za m'tsogolo mwa wodwala poyang'ana chotupa chake.

M'nyumba yomweyo mudatulukanso nkhani yochititsa manyazi. M'chaka cha 1964 Andrew Ferry adaunikanso maso 529 amene madokotala adawachotsa ataona ndi maso awo chinthu chimene adachiyesa melanoma. Mwa maso amenewo, 100 mudalibe melanoma. Mwina mudali magazi oundana, mwina retina yomatuka, mwina banga lakuda lopanda vuto. Ndiye kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse adataya diso pachabe. Vuto lidali lakuti dokotala wa khungu akakayika amadulako kachidutswa nkukayeza, koma wa maso sakadatha kutero popanda kuboola diso. Ndiponso maŵanga akuda opanda vuto ngochuluka kuseri kwa retina: mzungu mmodzi mwa 20 alionse ali nalo, ndipo ochepa zedi ndiwo amasanduka khansa.

Zipangizo zothetsa vutoli zidali zitayamba kale kubwera. Charles Schepens wa ku Belgium adapanga m'zaka za m'ma 1940 nyali yovala kumutu imene imalola dokotala kuona m'kati mwa diso ndi maso ake onse aŵiri, motero amazindikira ngati chinthu chili chafulati kapena chotukuka. Kuyambira m'chaka cha 1956 madokotala adayamba kuyesa diso ndi mafunde a mau osamveka ndi khutu, njira yomwe amayi oyembekezera amaidziŵa lero kuti sikani. Mafundewo amayeza msinkhu wa chotupa mpaka pa milimita, ndipo amaonetsa maonekedwe amene melanoma imakhala nawo ikaboola kansalu koiphimba, mutu waukulu pa khosi lowonda, ngati boŵa. M'chaka cha 1961 ophunzira udokotala aŵiri a ku Indiana, Novotny ndi Alvis, adaonetsa njira yobaya utoto m'mtsempha wa pamkono ndi kuujambula ukudutsa m'mitsempha ya m'diso. Madokotala adaphunziranso zizindikiro za banga loopsa: kutukuka kopitirira mamilimita 2, madzi pansi pa retina, ndi timadontho tofiirira ngati lalanje pamwamba pake. Pofika m'chaka cha 1990, pa kafukufuku wamkulu wa ku America, mwa maso 413 ochotsedwa 2 okha ndiwo adapezeka kuti adaganiziridwa molakwa.

Koma funso lalikulu lidali lina: kodi nkutheka kupha chotupa diso nkulisiya? Marie ndi Pierre Curie adali atapeza radium m'chaka cha 1898, ndipo zidadziŵika msanga kuti cheza chake chosaoneka chimapha maselo oswana mofulumira. M'chaka cha 1930 Foster Moore wa pa chipatala cha St Bartholomew's ku London adalemba m'mene adaloŵetsera kambeu kotulutsa cheza m'kati mwenimweni mwa chotupa. Zoyesa zoyambirira zotere zinkachitika makamaka kwa odwala amene diso lawo linalo silinkaona, kapena okana kwamtuwagalu kuchotsedwa diso, pakuti kwa ena onse madokotala ankaona ngati nkuseŵera ndi moyo.

Wothandiza wa Moore adali mnyamata wotchedwa Stallard, amene dziko la Britain lidayamba kumdziŵa pa liŵiro. Pa maseŵera a Olympics a ku Paris m'chaka cha 1924 adathamanga mtunda wa mamita 1,500 phazi lake lili lovulala, nakhala wachitatu pa mpikisano umene adapambana ndi Paavo Nurmi wa ku Finland. Kupirira komweko adakutengera kuchipatala. Stallard adaona kuti kuboola chotupa nkoopsa, ndipo kuti cheza chingathe kudutsa chikopa choyera cha diso kuchokera kunja. Adakonza timbale tachitsulo tating'ono, topindika motsata diso, tokhala ndi cobalt yotulutsa cheza. Kambaleko amakasokerera kunja kwa diso, kuseri kwenikweni kwa chotupa, nkukasiya masiku angapo, kenaka nkukachotsa. Adayamba ndi ana odwala retinoblastoma, ndipo m'chaka cha 1966 adasindikiza zotsatira za odwala melanoma. Zotupa zambiri zidafota. Koma cheza cha cobalt nchaukali, sichiima pamene chafunidwa. Chinkapsereza retina ndi mtsempha waukulu wa diso, chinkadzetsa ng'ala, ndipo chinkafika ngakhale m'manja mwa dokotala wosoka.

Adamtsata adafunafuna cheza chofatsa. Ku East Germany, m'zaka za m'ma 1960, Peter Lommatzsch adayamba kugwiritsa ntchito ruthenium, imene cheza chake chimangoyenda mamilimita ochepa nkutha mphamvu, motero njoyenera zotupa zosatukuka kwambiri. Ku Cape Town, pa chipatala cha Groote Schuur, Rossall Sealy ndi anzake adali m'gulu la oyamba kuchiza zotupa za m'maso ndi mtundu wa ayodini wotulutsa cheza, ndipo adalemba za ntchitoyi m'chaka cha 1976. Ubwino wa ayodiniyo ngwakuti kachikopa kopyapyala ka golide kamatsekereza cheza chake. Choncho kambale kagolide, kakakulu ngati chitsekero cha botolo, kamaloza mphamvu yonse m'diso, kuseri kwake kuli bata. Ku Boston nako, m'chaka cha 1975, Evangelos Gragoudas adayamba kutengera odwala ku makina aakulu a akatswiri a sayansi a pa Harvard, otulutsa tizidutswa totchedwa ma proton. Timeneti timaloŵa m'thupi mpaka pa kuya kumene tapimidwa, nkutula mphamvu yake yonse pomwepo, osapitirira.

Ngakhale zidali choncho, madokotala ambiri adapitiriza kuchotsa maso, poopa kuti chotupa chosiyidwa m'diso, ngakhale chowotchedwa, chingathe kufalitsabe mbeu. Amene adagwedeza chikhulupiriro chimenechi ndi Lorenz Zimmerman, katswiri wolemekezeka wa m'nyumba ija ya ku Washington. M'chaka cha 1978 iye ndi anzake aŵiri, McLean ndi Foster, adasindikiza nkhani yofunsa ngati kuchotsa diso kumaletsa kufalikira kwa chotupa kapena kumakufulumizitsa. Adaonetsa kuti diso lisanachotsedwe odwala ankafa ochepa, pafupifupi mmodzi mwa 100 pa chaka, koma likachotsedwa imfa zinkakwera mpaka pafupifupi 8 mwa 100 m'chaka chachiŵiri, kenaka nkutsikanso. Iwo adaganiza kuti dokotala pogwira ndi kufinya diso pa opaleshoni amakankhira maselo a khansa m'magazi.

Mau ameneŵa adagwa ngati mphezi. Dokotala amene adachotsa maso ambirimbiri pofuna kupulumutsa anthu adauzidwa kuti mwina manja ake ndiwo ankawapha. Ena adakwiya, ena adayamba kuumitsa chotupa ndi chisanu asanadule, ena adayamba kuwotcha diso ndi cheza asanalichotse. Wodwala wopita kwa dokotala mmodzi ankauzidwa kuti achotse diso maŵa lomwe, ndipo akapita kwa wina ankauzidwa kuti kutero ndi kudziitanira imfa. Mbali zonse ziŵiri zidali ndi ziŵerengero zake, koma ziŵerengerozo sizikadatha kuŵeruza mlandu, chifukwa madokotala ankapereka cheza kwa a zotupa zazing'ono ndi mpeni kwa a zotupa zazikulu, ndiye kufanizira magulu aŵiriwo kudali ngati kupikisanitsa mwana ndi nkhalamba.

Njira yokha yodziŵira zoona idali yoŵaŵa. M'chaka cha 1985 boma la America lidapereka ndalama za kafukufuku wotchedwa Collaborative Ocular Melanoma Study, amene adagwirizanitsa zipatala zoposa 40 za ku America ndi Canada. Wodwala wa chotupa cha msinkhu wapakati ankafunsidwa ngati angalole kuti maere, osati iye mwini kapena dokotala wake, asankhe pakati pa kuchotsa diso ndi kusokerera kambale ka ayodini. Munthu aganize kulemera kwa pempho limenelo. Diso likuona, mwini wake akuŵerenga nalo nyuzipepala, ndipo akuuzidwa moona mtima kuti palibe dokotala padziko lonse wodziŵa njira yabwino mwa ziŵirizo, tsono avomere kuti mwayi ugamule. Ambiri adakana, ndipo palibe angawadzudzule. Koma pakati pa 1987 ndi 1998 anthu 1,317 adavomera. Mbiri ya zachipatala imakonda kutchula maina a madokotala, chonsecho yankho limene odwala a lero amadalira lidagulidwa ndi anthu ameneŵa, theka la iwo atapereka diso.

Zotsatira zidalengezedwa m'chaka cha 2001. Patapita zaka 5, mwa ochotsedwa diso 81 pa 100 alionse adali moyo, ndipo mwa a kambale 82 pa 100. Pa zaka 12 kusiyana kudalibebe. Gawo lina la kafukufukuyo, la odwala 1,003 a zotupa zazikulu, lidaonetsa kuti kuwotcha diso lisanachotsedwe sikuthandiza konse, zimene zidafooketsa ganizo la Zimmerman. Kuchokera pamenepo kambale ka cheza kadasanduka chithandizo chachizoloŵezi, ndipo kuchotsa diso kudatsalira zotupa zazikulu kwambiri ndi maso opweteka osaonanso. Sikuti diso losungidwalo limakhala lamphumphu. Patatha zaka 3, odwala oposa 4 mwa 10 alionse a kambale adali asakutha kuŵerenga ndi disolo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 8 adadzachotsedwabe diso zisanathe zaka 5.

Nanga imfa zija zokwera m'chaka chachiŵiri? Zimmerman adaona zoona koma adazimasulira molakwa. Madokotala a ku Helsinki, poŵerengera liŵiro limene zotupa za m'chiŵindi zimakulira, adapeza kuti mbeu zake zimachoka m'diso zaka zingapo nthenda isanadziŵike, chotupa chikadali chaching'ono. Wodwala amafika kuchipatala pamene chotupa chakula mpaka kusokoneza kuona, ndipo nthaŵi imeneyo mbeu zakale zija zimakhala zatsala pang'ono kuonekera. Uku ndiko kuŵaŵa kwa nkhani yonseyi. Madokotala adaphunzira kupha chotupa cha m'diso mwa odwala oposa 9 pa 10 alionse, koma chiŵerengero cha ophedwa ndi nthendayi sichidasinthe kwenikweni. Kafukufuku wa ku Helsinki komweko, wotsata odwala kwa zaka zambiri, adaonetsa m'chaka cha 2003 kuti pafupifupi theka la iwo adafa nayo, ena patapita zaka zoposa 20.

Tsono maso a ofufuza adatembenukira m'kati mwa selo. Selo lililonse la munthu lili ndi timitolo ta malangizo a chibadwa totchedwa ma chromosome, tokhala tiŵiritiŵiri, magulu 23. M'chaka cha 1996 Gabriele Prescher ndi anzake a ku Essen adalengeza za odwala 54. Mwa 30, maselo a chotupa adali atataya kamtolo kamodzi ka gulu lachitatu, ndipo oposa theka la iwo nthenda idafalikira m'zaka zochepa. Mwa 24 otsalawo, a timitolo tokwanira, padalibe ndi mmodzi yemwe. M'chaka cha 2004 William Harbour ndi anzake a ku St Louis adapeza njira ina yogaŵira zotupazi m'magulu aŵiri, lofatsa ndi loopsa. Lero dokotala angathe kutenga timaselo tochepa ndi kasingano kowonda pa tsiku losokerera kambale, nkuuza wodwala gulu limene ali. Kwa zaka zambiri chidziŵitso chimenechi chidali mphatso yolemera kuinyamula, pakuti wouzidwa kuti ali m'gulu loopsa sankapatsidwa mankhwala oletsa zimene zikudza. Ena ankasankha kusamva.

Mmodzi mwa odwala odziŵika adali Oliver Sacks, dokotala wa ubongo wobadwira ku London, wolemba mabuku otchuka. Nthendayi idapezeka m'diso lake lakumanja mu December 2005, ndipo adachizidwa ku New York ndi kambale ka cheza ndiponso ndi kuŵala kwa laser. Moyo wake wonse adali wokonda zithunzi zija zimaoneka zakuya munthu akaziyang'ana ndi maso aŵiri, tsono diso limodzi litafa, dziko lidamuonekera lafulati ngati chithunzi cha papepala. Ankaphonya pothira chakumwa m'kapu, ndipo masitepe ankamuopsa. Zonsezi adazilemba m'buku lake la m'chaka cha 2010 lotchedwa The Mind's Eye. Adakhala zaka 9 akugwira ntchito. Mu February 2015 adalengeza m'nyuzipepala kuti nthenda yafika kuchiŵindi, ndipo adamwalira pa 30 August chaka chomwecho ali ndi zaka 82.

Pa nthaŵi imene Sacks ankadwala, melanoma ya pakhungu idali itayamba kugonja kwa mankhwala atsopano odzutsa asilikali a m'thupi, amene adayamba kuloledwa m'chaka cha 2011. Kwa odwala a m'diso mankhwala omwewo sadathandize kwenikweni. Ngakhale dzina ndi limodzi, nthendazi nziŵiri. Ya pakhungu la azungu kaŵirikaŵiri imadza ndi dzuŵa, limene limaononga malangizo a selo m'malo ambirimbiri, motero selolo limaoneka lachilendo ndipo asilikali a m'thupi amalizindikira msanga. Ya m'diso ili ndi zolakwika zochepa, zimene zazikulu zake zidapezeka m'zaka za 2009 ndi 2010, choncho imayenda m'thupi ngati mwana wa pakhomo.

Mankhwala oyamba otalikitsa moyo wa odwala amene nthenda yawo yafalikira adadza m'chaka cha 2021. Dzina lake ndi tebentafusp, ndipo adapangidwa ndi kampani ya kufupi ndi Oxford. Amagwira ntchito ngati chingwe cha nsonga ziŵiri: nsonga ina imakola selo la melanoma, ina imakola msilikali wa m'thupi, nkuwakokera pamodzi. Pa kafukufuku wa odwala 378, patatha chaka chimodzi 73 pa 100 alionse a mankhwalaŵa adali moyo, poyerekeza ndi 59 a mankhwala ena. Patatha zaka 3 adali 27 kwa 18. Dziko la America lidawaloleza mu January 2022. Amaperekedwa m'mtsempha sabata ndi sabata, ngokwera mtengo kwambiri, ndipo amagwira ntchito mwa anthu okhawo obadwa ndi chizindikiro china pa maselo awo, chimene chimapezeka mwa pafupifupi theka la azungu ndi mwa anthu akuda ocheperapo.

Wodwala wa lero m'maiko a zipatala zazikulu nthaŵi zambiri amatuluka ndi maso ake onse aŵiri, ndipo diso lagalasi lija la m'chenjezo la aphunzitsi lidayamba kusoŵa. Koma pochoka kwa dokotala wa maso amapatsidwa kalata ina, yomuitana kukajambulitsa chiŵindi, kwa ambiri miyezi 6 iliyonse, chaka ndi chaka.